Dzina Lolembedwa Chafutambuyo

Ine Hipoloko wa ku Amfipoli
ndakalambira m'nyumba yosulira ndalama,
kuzokota zidindo pafupi ndi mtsinje,
maso atafiira ndi utsi wa makala.

Dzina la mfumu ndimalilemba chafutambuyo.
Ntchito yake imatero:
kumanja kusanduke kumanzere
kuti nyundo ya Sosiya ikagwa pa siliva
dzinalo lituluke lowongoka.

Mfumu yaikulu ija itafera kum'mawa
kunabwera kalata ya mawu ochepa.
Musasinthe kanthu, inatero.
Nkhope ikhale yomweyo,
chimphona chofunda chikopa cha mkango.
Kuseri mulungu akhalebe pampando wake,
chiwombankhanga chili padzanja.
Dzina lokha.
Phula la kalatayo ndinalipenda bwinobwino,
ineyo zidindo ndimazidziwa:
mphete imene inadindapo inali ya kazembe wa nkhondo.

Ndiye ndinakhala pansi, masiku anayi,
kuzokota dzina la munthu
amene nkhope yake palibe anaifuna.

Ndinamuona kamodzi kokha.
Anamudutsitsa pamsika m'machila a nsalu zofiirira,
munthu wamkulu ndithu, wandevu, wamapewa akugwa,
asilikali uku ndi uku
ngati akuperekeza bokosi la msonkho.
Ataona nkhuyu za Melanto m'dengu
sanalamule ayi.
Anacheukira mlonda, maso akupempha.
Mlondayo anapisa m'thumba lake,
namufumbatitsa dalakima imodzi
monga timachitira potuma mwana kukagula mchere.

Ndinali pafupi. Ndinaiona.
Inali yanga ndalamayo,
ya chidindo chimene chinang'aluka pang'ono
pansi pa phiko la chiwombankhanga.
Mfumu inaitembenuza.
Chala chachikulu chinayenda pa zilembo,
chimodzichimodzi,
milomo ikugwedera osatulutsa mawu.
Kenaka inafumbata zolimba.
Nkhuyu inali itaziiwala.

Mlonda anatsokomola.
Dzanja linafunyuluka.

Melanto sadziwa kuwerenga.
Anaiponya pamwala, inalira bwino,
basi anawerenga nkhuyu zake.
Amalinyero nawonso sawerenga, amaika pasikelo.
Asilikali amangofunsa kuti zingati.
Dzina limene ndinaswera maso
linayenda mpaka kumadoko a Foinike
m'matumba a anthu osafunsa mwini wake.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha chomwecho.
Tsiku lina mphepo ya dzinja ikuwomba kuchokera ku Trakiya
wogulitsa mafuta a azitona anatinong'oneza
kuti mfumu aipha, ndi mkazi wake yemwe,
pa mkangano umene mwini wake sanaumvetse.
Sosiya anaima, nyundo ili m'mwamba,
nafunsa ngati tipitirize.
Kapitawo anati siliva sazizira podikira maliro.
Tinasula mpaka madzulo
dzina la munthu wakufa.

Kalata ina inabwera mwezi usanathe.
Nkhope yomweyo. Chiwombankhanga chomwecho.
Zidindo zakale tinaziponya m'ng'anjo.

Koma ine ndinali nditapita kale kwa Melanto
tsiku la nkhuyu lomwe lija,
ndinamupatsa ziwiri kuti andibwezere imodzi.
Anandiseka kuti utsi wandilowa m'mutu.
Mkazi wanga Timareta sanandilankhule masiku awiri.

Kwathu kuno wakufa timamuika kandalama m'kamwa
kolipira woolotsa mizimu pa mtsinje wakuda.
Sindidziwa ngati alipo anakumbukira zimenezi
pamene ankaikwirira mfumu ija usiku.
Mwina ikadali pagombe,
ikucheukira mlonda amene kulibe.

Ndalamayo ili m'kansalu, pansi pa mtsuko wa balere.
Ndi yaikulu kwa munthu ngati ine,
kakobiri kanga kakanakwana.
Ndamuuza Timareta kuti tsiku langa likafika
andiike ziwiri.
Ndikaipeza pagombepo ndidzaifumbatitsa yake,
ndipo sindidzatsokomola.